Chidole cha Pempho

Lackson Mpingasa anagwira ntchito pa galimoto ya kanema ya boma kwa zaka khumi ndi zinayi. Ankazungulira midzi ya kumwera kwa Lilongwe, kumangirira chinsalu choyera pakati pa mitengo iwiri, kuliza jenereta, anthu n'kumaonera kadzalidwe ka chimanga ndi magule a pamisonkhano. Matipate atabwera, magalimoto aja anayamba kuima imodziimodzi, ndipo tsiku lina mu 1995 Lackson analandira kalata yomuthokoza pa ntchito yabwino. Anakakhazikika pa Mitundu, m'nyumba yalendi kuseri kwa msika, n'kumakonza mawailesi pakhonde la telala wina.

Ku ntchito ija anachokako ndi chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sankachidziwa: kuti kanema sayenda. Filimu ikaduka, iye ankaikweza padzuwa asanailumikize, n'kumaona tizithunzi ting'onoting'ono tondondozana, kalikonse kosiyana pang'ono ndi kanzake. Apa munthu wakweza phazi, apa walikwezanso pang'ono, apa walitsitsa. Zonsezo zili chiimire. Makina akazithamangitsa, maso amapusitsika.

Zimenezi ankakonda kumufotokozera mwana wake Pempho, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, mwana yekhayo amene iye ndi mkazi wake Zipora anali naye. Pempho anayamba ndi chifuwa, kenaka zilonda m'kamwa, kenaka kutsegula m'mimba kosaleka. Anapita naye ku Likuni kawiri, anamwino anayesetsa ndithu, koma mwana ankangofota. Miyezi yomaliza sankathanso kupita kusukulu, choncho mayi ake ankamutapira dongo kudambo kuti azisewera nalo pamphasa. Pa zonse zimene anaumba, chimene chinatsala ndi chidole chimodzi: mayi wosenza dengu, wa miyendo yonenepa, manja omatirira m'nthiti. Anachitcha Anabanda.

"Ababa, Anabanda akufuna kupita kumsika koma sakutha kuyenda," anatero tsiku lina. "Muwaike mu kanema wanu uja."

"Galimoto ija kulibenso, mwanawe."

"Ndiye akhala pomwepa mpaka liti?"

Lackson anangoseka. Pempho anamwalira mu Juni 1996, m'mawa wina wozizira. Pamaliro anthu ankayang'ana Lackson ndi Zipora, akakumana nawo maso n'kuzolika. Matendawo palibe anawatchula dzina, koma aliyense ankadziwa kumene mwana wa msinkhu wotero amawatenga.

Zipora anali mmodzi wa aphunzitsi amene analembedwa mwachangu sukulu itakhala yaulere. Ankaphunzitsa Sitandade 2 pansi pa mtengo, ana oposa zana, onse amsinkhu wa Pempho. Maliro atatha anapitako masiku atatu okha. Tsiku lachinayi anavala bwinobwino, anafika pakhomo, anavula nsapato, n'kubwerera m'nyumba. Chidole chija anachiika pamwamba pa kabati. M'mawa uliwonse ankachitsitsa n'kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje. Kumsana kwake kunali timaenje tinayi, mmene munadinda zala za Pempho dongo lidakali lofewa. Zipora ankaikamo nsonga za zala zake, kukhala choncho kanthawi, n'kuchibwezera pamalo pake. Zoyankhula zinatha m'nyumbamo. Zimene Lackson ankamva tsiku lonse zinali "madzi ali kubafa" ndi "chakudya chili patebulo."

Ku Nathenje, m'mbali mwa msewu waukulu, kunali sitolo ya Che Abdulkarim. Kuseri kwa sitoloyo kunali chipinda chophimba mawindo ndi mabulangete, momwe anthu ankaonera mafilimu a karate pa vidiyo. Deki ikavuta, Abdulkarim ankatumiza mawu ku Mitundu, Lackson n'kupalasa njinga msewu wafumbi wodutsa mmunsi mwa phiri la Bunda. Tsiku lina mu Seputembala, atatha kupukuta mutu wa deki, anaona chikwama chakuda pa shelefu.

"Kamera imeneyo," anatero Abdulkarim monyadira. "Anditumizira achimwene ku Joni. Ndizijambulira maukwati."

Lackson anainyamula, anaika diso pa kagalasi, anapeza batani lofiira pansi pa chala chake chachikulu. Analidina, n'kulidinanso msanga. 

"Che Abdulkarim, ndibwerekeni kanthawi kochepa. Pompano, sindichoka nayo."

Anatenga bokosi la machesi n'kuliika patebulo kuseri kwa sitolo. Anajambula kamphindi, analisuntha pang'ono, anajambulanso. Anachita choncho kakhumi ndi kasanu. Ataika tepi mu deki, bokosi lija linayamba kudumphadumpha patebulo lokha. Koma tebulo nalo linkadumpha, khoma nalo linkadumpha, chifukwa kamera inali m'manja. Abdulkarim anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mkazi wake Kuluthumu, amene anasuzumira ali ndi sikelo ya shuga m'manja, sanaseke.

"Zinthu zopanda mpweya kumaziyendetsa chonchi n'zabwino?" anafunsa.

"Si matsenga, mayi. Ndi zithunzi chabe," anatero Lackson.

"Ndamva. Koma mwina zoima zimafunika kuzisiya ziime."

Kuyambira tsiku limenelo Lackson ankapita ku Nathenje kawiri pa sabata. Abdulkarim analola, bola kamera isachoke pakhomo pake. Zonse Lackson ankaziphunzira mwa kulakwitsa. Anamangirira kamera pa mpando ndi mphira za chubu cha njinga kuti isagwedezeke. Anajambula mizere ya choko patebulo kuti adziwe posunthira. Anazindikira kuti dzuwa ndi mdani: mtambo ukangodutsa, chithunzi china chimatuluka chowala, chotsatira chakuda, choncho anasamutsira tebulo mumthunzi wa khonde. Vuto limene linamukanika linali la batani. Kamera ya maukwati simadziwa kujambula kachithunzi kamodzi. Ngakhale adine msanga bwanji, inkatenga pafupifupi sekondi yathunthu, nthawi zina n'kudya kumapeto kwa zimene anajambula kale. Zinthu zinkayenda ndithu, koma monjanja, ngati nkhuku yothyoka mwendo.

Anaumba zidole zake zoyeserera. Cha dongo lofewa chinkagwada chokha asanamalize, chouma chinkathyoka. Kenaka anatulukira zoika waya wa mu wailesi m'chiuno ndi m'mapewa, ndipo chidole chake chinaponya masitepe anayi osagwa. Tsiku limenelo anapalasa njinga kubwerera ku Mitundu akuimba mluzu, ndipo anachita kudzidabwa yekha.

Zipora sanamufunse kumene ankapita. Lackson ankamuyang'ana akutsitsa chidole m'mawa, n'kumaganiza kuti mkazi wake akadzaona Anabanda akuyenda, mwina adzalira mokweza, mwina adzaseka, mwina adzamutukwana kumene, chilichonse bola pakamwa patseguke. Anaganizapo zoumba china chofanana nacho, koma anadziwa kuti Zipora adzachizindikira nthawi yomweyo. Chinafunika chenichenicho. Kupempha sanayerekeze, poti yankho ankalidziwa.

Lachiwiri lina mu Okotobala, Zipora atapita kukatunga madzi kumjigo, Lackson anatsitsa chidole, anachikulunga mu malaya akale, n'kuchiika m'thumba la pachifuwa. Mumtima anati pofika madzulo chikhala chitabwerera pa kabati.

Poyamba sanafune kuchikhudza. Anachiimika patebulo, kumbuyo anaika katoni yojambulapo timisika ndi makala, n'kumachisuntha chathunthu. Ataonera, Anabanda ankangotsetsereka ngati bokosi la machesi lija, miyendo ili gwa. Kumeneko sikunali kuyenda. Anabwereza, akuchipendeketsa uku ndi uku, koma zinali chimodzimodzi. Anakhala pa njerwa nthawi yaitali akuchiyang'ana. Kenaka analowa m'sitolo n'kupempha kampeni ka sowo yodulira zitsulo.

Mwendo wamanzere unaduka bwino. Wamanja unaduka bwinonso, ndipo Lackson anapumira m'mwamba. Anaboola timabowo ndi singano, analowetsa waya. Kunatsala dzanja limodzi lokha, loti lizigwedezeka poyenda. Dzanjalo linali lomatirira m'nthiti, ndipo dongo losaotcha silichenjeza. Sowo itangolowa pang'ono, panamveka kaphokoso kochepa ngati kuthyoka kwa bisiketi. Dzanja linagwa, n'kutenga chibenthu chonse cha kumsana. Chibenthucho chinagwera pa simenti n'kusanduka zinyenyeswa.

Lackson anagwada. Anayamba kutola tizidutswa n'kumatiika pachikhatho, koma tina tinali fumbi lokhalokha.

"Bambo, chidolechi n'cha ndani?" Anali Kuluthumu, ataima pakhomo la kuseri.

"Cha mwana wanga."

"Amene anatisiya uja?"

Lackson anavomera ndi mutu. Kuluthumu anaika dzanja pakamwa. Patapita kanthawi anabwera ndi kapu ya tiyi n'kuiika pambali pake, koma tiyiyo inazizirira pomwepo.

Pobwerera panalibe. Lackson anakanya dongo limene linatsala ku zoyeserera zake, anamata kumsana kwa chidole, anasalaza ndi chala chake chachikulu. Anayesa kudinda timaenje tinayi ndi kamtengo ka machesi, koma tinaoneka ngati zipsera, ndipo anatifufuta. Kenaka anayamba kujambula. Phazi patsogolo pang'ono, dina. Dzanja kumbuyo pang'ono, dina. Thukuta linkagwera patebulo n'kufufuta choko. Magetsi anazima kamodzi, anadikira. Anadina batani lija makumi anayi ndi katatu, mpaka Anabanda anafika kumapeto kwa katoni.

Chidolecho sanathe kubwerera nacho. Anachisiya m'manja mwa Kuluthumu.

Atafika ku Mitundu anapeza Zipora atakhala pakhomo, mpango uli pansi. M'nyumba kabati inali itasunthidwa, mphasa zitafunyululidwa, ngakhale thumba la ufa linali panja.

"Chili kuti?"

"Chili ku Nathenje, mayi a Pempho. Mawa ndikutengani. Pali chinthu ndikufuna mukaone."

"Chili bwino?"

Lackson anayang'ana tayala la njinga. "Mukaona," anatero.

M'mawa anamukweza pa kaliyala. Pa zitunda zimene kale ankatsika n'kumakankha akanyamula mkazi wake, tsiku limenelo anakwera osatsika, ndipo m'pamene anadziwira mmene Zipora anapepukira.  Minda inali yogalauza kale, yofiira, ikudikira mvula.

Abdulkarim anatulutsa anyamata amene ankadikira filimu, anatseka chitseko, anawasiya awiriwo pa benchi yakutsogolo. Lackson anaika tepi mu deki.

Pa sikirini panabwera mizere, kenaka katoni ya timisika, kenaka Anabanda ndi dengu lawo. Anaima kaye. Kenaka mwendo unadumphira patsogolo, thupi linatsatira, mwendo wina unadumpha. Kuwala kunkasinthasintha. Kawiri konse dzanja la Lackson linaonekera, lalikulu ngati la chimphona, n'kuzimiririka. Chidole chinkapendekera kumanzere sitepe iliyonse, koma chinkapita ndithu, kudutsa msika wa tomato, kudutsa wa nsomba, mpaka kumapeto. Zonse sizinakwane ngakhale mphindi imodzi.

Zipora anali ataweramira kutsogolo, milomo ili yasa.

"Bwerezani," anatero.

Lackson anabweza tepi. Kwa miyezi inayi mkazi wake anali asanamupemphepo kanthu. Anaonera kachiwiri, Zipora anayandikira mpaka nkhope yake inawala ndi sikirini. Itatha, anakhala tsonga.

"Mwachidula miyendo."

"Kuti chiyende, mayi a Pempho. Mwana uja anandipempha, munalipo inu. Anati..."

"Ndipatseni."

Kuluthumu anabwera nacho chili chikulungire m'malaya aja. Zipora anafunyulula pang'onopang'ono. Sanayang'ane miyendo, sanayang'ane waya. Anachitembenuza, n'kuyendetsa zala kumsana. Dongo latsopano linali lotuwa kusiyana ndi lakale, losalala, litayamba kale kung'aluka m'mbali. Anayendetsa zala kachiwiri, ngati munthu wofufuza ndalama yachitsulo mumdima.

"Zala zake zili kuti?"

"Chinabenthuka. Sindinachitire dala."

"Zili kuti?"

Lackson anatulutsa kapepala m'thumba n'kukafunyulula. Munali tizidutswa ndi fumbi. Zipora anayang'ana nthawi yaitali. Lackson ankadikira kuti akuwe, amumenye, agubuduke pansi. Koma iye anangoika chidole pa benchi mosamala, anaimirira, anamanganso chitenje.

"Ichi n'chanu," anatero ndi mawu otsika. "Cha mwana wanga mwataya."

Anakana kukwera njinga. Kuluthumu anamuperekeza pa siteji, atamugwira mkono, ndipo Lackson anaima patali akuona mkazi wake akulowa mu minibasi yopita m'tauni. Patatha masiku awiri kunabwera mlongo wake wa Zipora kudzatenga zovala, n'kunena kuti Zipora ali kwa amayi awo ku Malingunde, akufuna apumeko kaye.

Lackson anakhala milungu itatu osaponda ku Nathenje. Tsiku limene anapitako, atalandira mawu oti deki yayambanso kuvutavuta, anamva phokoso la kuseka ali panja. Anasuzumira pa bulangete. Chipinda chinali chodzaza, ndipo pa sikirini Anabanda ankapendekera kumanzere, anyamata akuwomba m'manja motsatira masitepe.

"Amayi oledzera! Bwerezani amayi oledzera!"

Abdulkarim anatuluka akupukuta manja, nkhope ili ndi manyazi pang'ono. "A Mpingasa, musandimvere molakwika. Tsiku lina tepi ya karate inakana, ndiye ndinangoika ija kuti anthu asachoke. Pano sayamba filimu asanaione. Ena akuchita kuchokera ku Kamphata. Muli ndi luso inu. Bwanji mupange ina, mwina mwamuna wake akuwathamangitsa ndi chibonga?"

Ankanena ndi mtima wabwino, Lackson anaona zimenezo. Anafuna kukwiya koma mkwiyo sunabwere. Anakonza deki, anakana tiyi, n'kumapita. Chidole chinali pa shelefu ya m'sitolo, pakati pa sopo ndi mabatire, mwendo umodzi utagwa kale. Sanachitenge.

Ku Malingunde anapitako kawiri chaka chisanathe. Zipora ankamulandira mwaulemu, kumuyalira mphasa, kumufunsa za ulendo. Koma sankamutchulanso kuti bambo a Pempho. Ankati a Mpingasa, monga ankanenera makasitomala a mawailesi.

Mu Febuluwale, mvula ili pakati, kunabwera uthenga woti Zipora akudwala ndipo matenda akula. Lackson ananyamuka m'mawa, matope akumata matayala, n'kukafika dzuwa lili pamutu. Anapeza Zipora atagona pakhonde, atafunda bulangete ngakhale kunkatentha. Nkhope inali itatha, maso okha ndiwo anakula. Apongozi anamupatsa moni n'kupita kuseri, kuwasiya awiri.

Njira yonse Lackson anabwera akukonza mawu. Anafuna kunena za chidole, komanso za zaka zija za pa galimoto, za malo ogona alendo a m'matauni ang'onoang'ono, zimene sanaululepo kwa munthu ndipo zinkamudya kuyambira tsiku limene mwana anayamba kudwala. Anakhala pa mphasa, anatsegula pakamwa.

"Zipora, ine ndi amene..."

"Wailesi ya amayi inasiya kulira," anatero Zipora, osamuyang'ana. "Poti mwabwera, taionani."

Apongozi anamubweretsera wailesi. Lackson anaitsegula ndi nsonga ya mpeni, anapeza kawaya kothothoka, anakalumikiza. Wailesi inakhosomola n'kuyamba kuyankhula. Inali nthawi ya mauthenga a maliro. Wowerenga ankatchula mayina mosathamanga: wakuti wamwalira ku Kasungu, mwambo wa maliro mawa, wakuti wamwalira ku Ntcheu, abale onse afike msanga. Anamvera limodzi, mayina khumi, khumi ndi asanu, ambiri a anthu amene ana awo anali asanakule. Ntchentche inatera pa dzanja la Zipora, Lackson anaiingitsa.

"Inunso mwayamba kutsokomola," anatero Zipora.

"Ndi fumbi la mumsewu."

"Mvula yonseyi?"

Lackson anaweramira pa wailesi. Zipora anatseka maso. "Zimitsani, mabatire angathe. Nyamukani kusanade, mtsinje ungadzaze."

Lackson anatsanzika kwa apongozi, anatenga njinga. Atafika pa chitunda choyamba miyendo inakana. Anatsika n'kuyamba kukankha, akuima pafupipafupi kuti apeze mpweya. Amayi awiri osenza nkhuni anamupitirira, anamupatsa moni, mmodzi anacheuka n'kumuyang'ananso. Ku Mitundu kunali kudakali kutali, ndipo kumadzulo mvula ina inali itayamba kale kuda.